Mapointi 29 ndi Khomo la Sukulu ya Bizinesi

Mdzukulu wanga, sendera kuno tikambirane za pepala lako la MANEB. Amayi ako andiuza kuti mtima wako uli ku MUBAS, kuti ukufuna kukaphunzira za akaunti kapena kayendetsedwe ka bizinesi, ndipo kuti chitulukireni zotsatira wakhala ukufunsa aliyense ngati mapointi 29 angakufikitse kumeneko. Ena akuti Mulungu ndi wamkulu, ungopempha malo basi. Ena akuti usadzivute, mwana wa ku CDSS sapita ku yunivesite. Onsewo ayankha asanaone n'komwe pepalalo. Ine ndaliona, ndipo zina mwa zimene ndikuuze zikuwawa, koma ndi bwino uzimve kwa agogo ako kusiyana n'kukazimva ndalama zitapita kale.

Tiyambe ndi mmene manambalawa amawerengedwera. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndiye kulakwa. Mapointi amachokera pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino koposa, Chingerezi chili momwemo, ndipo wamwayi ndi amene ali ndi ochepa. Iwe Chichewa wapeza 3, Zaulimi 4, Chingerezi 5, Baibulo 5, Jogalafe 6, Bayoloje 6. Kuphatikiza zonsezo ndi 29, ndipo onsewo ndi makirediti. Mayunivesite a boma amafuna makirediti 6, limodzi likhale la Chingerezi, choncho wokuuza kuti ndiwe woyenera kupempha malo sakunama. Koma pansi pa pepalapo pali Masamu, ndipo pali 8. Eyiti ameneyu sanalowe mu 29 muja, n'chifukwa chake wakhala ukumubisa pofotokozera anthu. Maphunziro a akaunti ndi a bizinesi amafuna kirediti ya Masamu. Popanda iyo, fomu yako imaikidwa pambali asanayambe n'kuwerenga komwe mapointi.

Tsono nditayankha funso lako monga walifunsira, ndinena kuti ndi pepala ili, chaka chino, digiri ya bizinesi ku MUBAS palibe. Si nkhani ya mwayi wochepa ayi. Khomo limenelo ndi lotseka.

Ngakhale Masamuwo akanakhala 6, sindikanakulonjeza kanthu. Makirediti 6 amangokulola kuima pamzere. Munthu wa masikisi okhaokha ali ndi mapointi 36 ndipo naye ndi woyenera, koma pamzere womwewo pali ana a mapointi 9, 12, 15, ochokera ku sukulu zogonera komweko zokhala ndi mabuku ndi aphunzitsi okwanira. Chaka chilichonse oyenera amachuluka kwambiri kuposa malo. Masiku athu yunivesite inali imodzi yokha, University of Malawi, ndipo Polytechnic ya ku Blantyre, imene inayamba mu 1965, inali nthambi yake. Mu 2021 anaigawa, Polytechnic n'kukhala MUBAS yoima payokha. Lero tili ndi mayunivesite a boma ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku Thyolo, koma nawo ana achuluka, makamaka chiyambire pulayimale yaulere mu 1994. Kale kunalinso kota, pamene boma lililonse linkapatsidwa malo ake, mwana wa ku Ntcheu n'kumalimbirana ena mwa malowo ndi anzake a ku Ntcheu konkuno. Kota anaithetsa mu 2020. Panopa ukupikisana ndi dziko lonse, ndipo maphunziro a akaunti ndi amodzi mwa amene ana okhoza bwino amathamangira.

Ndikudziwa chimene chili pakamwa pako. Ukufuna kunena kuti pasukulu panu mphunzitsi wa Masamu anachoka teremu yachiwiri ya Fomu 3, kuti buku linali limodzi ana khumi, kuti unkafika m'kalasi utayamba wathirira kudimba, kenaka mtunda wapansi. Zonsezo n'zoona, ndipo ndikakuona pamodzi ndi anzako amene anakhoza m'mavuto otero ndimakuvulirani chipewa. Koma amene amasankha ana ku bungwe la NCHE saona dimba. Amaona manambala pa kompyuta. Zifukwa zakozo zili ndi ntchito imodzi yokha, ndipo ndi yaikulu: zikuthandize iwe mwini kudziwa ngati 8 ameneyu anabwera chifukwa sunaphunzitsidwe kapena chifukwa Masamu sakulowa. Nthenda ziwirizi mankhwala ake ndi osiyana.

Kuti tidziwe, tenga cholembera. Tinene kuti wapikula matumba 20 a mbatata ya kachewere ku Tsangano, thumba lililonse K30,000. Mitengoyi ndangoipeka kuti samu ituluke. Galimoto yopita ku Blantyre ikulipiritsa K5,000 pa thumba. Okweza, otsitsa ndi chiphaso cha pamsika zadya K20,000. Pofika, matumba awiri aola. Ugulitse thumba ndalama zingati kuti mpamba wako ubwerere? Nanga kuti upeze phindu la 25 peresenti pa zonse zimene waononga? Usayang'ane foni. Wolowa bwino awona kuti zonse zakwana K720,000, kuti matumba otsala ndi 18, choncho K40,000 pa thumba ndiye kungobweza mpamba, ndipo K50,000 ndi imene ibweretse phindu lija la K180,000. Tsopano onjezera kuti K600,000 yogulira mbatata unabwereka ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pamwezi. Mwezi umodzi wokha wadya K60,000, gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lako. Ngati pochita samuyi mutu unayamba kuyenda, mwina n'kusangalala kumene pamene yankho limatuluka, ndiye kuti vuto linali kusowa mphunzitsi. Ngati unangomva kutentha m'mutu n'kufuna kuthawa, tiyenera kukambirana zina, chifukwa sukulu ya bizinesi ndi zimenezi m'mawa ndi madzulo kwa zaka zinayi, kuonjezerapo statistics, zachuma, misonkho ndi malamulo a makampani, zonse m'Chingerezi.

Ambiri amaganiza kuti ku sukulu ya bizinesi amaphunzitsa kuvala tayi ndi kuzungulira pampando. Ine ndinasungako mabuku a ndalama pa kampani ina ku Limbe, ndipo chimene ndinaona n'chakuti ntchito imeneyi ndi ya munthu amene sagona tulo ngati tambala imodzi yasowa pakati pa mbali ziwiri za buku. Amayi ogulitsa kabichi ndi tomato pa Lizulu amaidziwa bwino nkhaniyi ngakhale ambiri sanafike Fomu 4. Madzulo akamamasula kansalu ka ndalama sawerengera zimene akanapeza mvula ikanapanda kugwa, kapena basi ikanaima nthawi yaitali. Amawerenga zimene zili m'manja, n'kuchotsa mpamba, n'kudziwa ngati mawa apikulanso kapena ayi. Pepala lako uliwerenge chomwecho. Ngati ukufunadi kudzasunga mabuku a anthu ena, buku loyamba kulisunga mosanama ndi ili.

Njira yoyamba, imene ineyo ndikanasankha ndikanakhala iwe, ndi kubwereza. Ndikudziwa kuti mawu amenewa achinyamata mumadana nawo. Mumaona ngati mudzi wonse ukusekani mukavalanso yunifolomu kapena mukamapita ku open masana pamene anzanu akujambulitsa zithunzi pa geti ya koleji n'kumaika pa Facebook. Manyaziwo ndi a miyezi yochepa. Mayunivesite amalola zotsatira za maulendo awiri olemba mayeso, osapitirira apo, choncho ulendo wachiwiriwu ndi chipolopolo chomaliza ndipo suyenera kuuseweretsa. Usalembenso Masamu okha. Ukakweza Masamu kufika pa 5 kapena 6, khomo litseguka, koma ulowa pamzere uli kumbuyo ndi mapointi pafupifupi omwewo. Lemberanso Chingerezi, ndi masikisi awiri aja. Cholinga chikhale kutsitsa mapointi kwenikweni, osati kungopulumuka.

Kubwerezanso kuli ndi mabwerezedwe ake. Ndaona ana akubwereza pasukulu yomweyo, mphunzitsi wa Masamu kulibebe, dimba lomwelo, anzawo ocheza nawo omwewo, n'kumayembekezera kuti zotsatira zisintha. Chaka chamawa 8 uja amakhala 7. Ngati ubwereza, china chake chisinthe. Pita ukakhale kwa azakhali ako pa boma, kumene magetsi alipo ndipo ungapeze mphunzitsi wa Masamu wokuthandiza madzulo. Sonkhanitsa mapepala a mayeso a MANEB a zaka zam'mbuyo, uziwalemba utayang'ana wotchi, wina n'kumakuchongera mopanda chisoni. Chingerezi usachiphunzire pongoloweza galamala. Werenga nyuzipepala, ngakhale yakale yokulungira zinthu, n'kulemba mwachidule zimene wawerengazo. Ine ndilankhula ndi bambo ako kuti chaka chimenechi ntchito ya kumunda aichepetse, chifukwa kutuma mwana kukabwereza kwinaku ukumutumanso ku Tsangano sabata iliyonse ndi kutaya fizi dala.

Ukadzafika podzaza fomu ya NCHE, werenga chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere, chifukwa chimanena zaka za MSCE zimene akulandira ndi makirediti amene phunziro lililonse likufuna. Fomuyo imakulola kusankha maphunziro angapo motsatana. Ana ambiri amadzipha okha pamenepa: amaika akaunti, zamalamulo, udokotala, zonse zolimbiranidwa, n'kutuluka chimanjamanja. Pamwamba ika chimene mtima ukufuna, koma pansipo ikapo zimene mapointi ako angathedi kufikira. Zaulimi unapeza 4. Ku LUANAR kuli maphunziro a bizinesi ya zaulimi ndi zachuma cha ulimi, ndipo kwa mwana wa ku Ntcheu, boma lodyetsa mizinda mbatata, kabichi ndi nyemba, imeneyo ndi sukulu ya bizinesi yeniyeni. Nakonso Masamu amawafuna, usaganize kuti wathawa.

Njira yachiwiri ndi yokwera makwerero. Si onse amene akusunga ndalama za makampani akuluakulu m'dziko muno analowera pakhomo la yunivesite. Ambiri anayambira pansi, pa mayeso a bungwe la akawuntanti limene lero ndi ICAM. Akale timakumbukira dzina la PAEC. Umayamba ndi satifiketi, Certificate in Financial Accounting, kenaka dipuloma ya Technician, ndipo wolimbikira amapitirira mpaka kukhala akawuntanti wovomerezeka. Maphunziro ake ungakachite ku Malawi College of Accountancy, imene ili ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kapena m'makoleji ena ophunzitsa mayeso omwewo. Ubwino wa njirayi ndi wakuti wolemba mayeso ndi wina, wophunzitsa ndi wina, choncho palibe mphunzitsi angakupatse malikisi chifukwa walipira fizi. Pepala lake mabwana amalikhulupirira. Kuipa kwake n'komweko: mayesowo ndi ouma, ndipo ambiri amagwa pepala limodzi kangapo. Zimene akufuna polowa ukafunse ku ICAM kwenikweniko, osati kwa mnzako.

Dipuloma ikapezeka, yunivesite ili ndi khomo lina lotchedwa mature entry. Kawirikawiri amafuna dipuloma yovomerezeka, makirediti 4 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndi zaka ziwiri zogwira ntchito utatenga dipulomayo. Pakhomo limeneli 29 wako salankhulanso mokweza. Zimene zimalankhula ndi dipuloma ndi kalata ya abwana ako. Koma usalione ngati lachidule. Ndi njira ya zaka zambiri, fizi yake ndi yokwera ndipo umalipira wekha, nthawi zambiri ukugwira ntchito masana n'kumaphunzira madzulo kapena Loweruka, mwina uli kale ndi banja. Amene amafika kumapeto ndi amene anaphunzira kudzikaniza. Ndipo ngakhale kumeneko, kirediti ya Masamu ikasowa imatha kukutsatira. Ndi chifukwa chake ndikuti ngakhale usankhe njira iyi, Masamuwo ulembenso ndithu.

Pali mayeso enanso a kunja, monga ACCA ndi ABE, ochokera ku Britain. Ndi mapepala abwino, makamaka ACCA imene imadziwika maiko ambiri. Koma ndalama zolembetsera ndi zolembera mayeso zimalipiridwa m'mapaundi. Ukukumbukira kuti mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mwana amene anayamba maphunziro otere makolo atawerengera bwinobwino anadzuka m'mawa wina fizi itakwera popanda koleji kusintha kalikonse. Ife amene ndalama zathu zimachokera m'thumba la mbatata, limene mtengo wake umagwa nthawi yokolola, tiyenera kuganiza kawiri tisanalowe ngongole ya ndalama yakunja.

Njira yachitatu ndi mayunivesite omwe si a boma. Imodzi tili nayo pakhomo pompano: Malawi Adventist University ili ndi nthambi yake ya Lakeview kufupi ndi Mlangeni, ndipo amaphunzitsa za bizinesi. Kuli Catholic University ku Nguludi, kuli ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kumeneko mzere si wautali ngati wa boma, ndipo mwana wa makirediti 6 amene wasiyidwa ndi NCHE angapeze malo. Koma nawo ali ndi malamulo awo olowera, ndipo za 8 wa Masamuyo uyenera kukawafunsa maso ndi maso. Lakeview ndi pafupi, minibasi imodzi. Pita ndi pepala lako, ukalowe mu ofesi yolembetsa, ukamve yankho kuchokera kwa eni ake.

Apa ndiye ndikufuna utchere khutu, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amalirira. Mwana akalephera kusankhidwa, mtima umakhala pamoto, ndipo pamatuluka makoleji ambirimbiri, ena a zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo, okhala ndi zikwangwani zokongola ndi mayina aakulu, olandira aliyense ngakhale wa mapasi okhaokha. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Sukulu imene sikufunsa n'komwe kuti Masamu unapeza bwanji, koma ikufunsa kuti ubwera ndi zingati, ikufuna ndalama zako. NCHE imatulutsa mndandanda wa makoleji ovomerezeka, ndipo chofunika kudziwa n'chakuti imavomereza phunziro lililonse palokha. Koleji itha kukhala pamndandanda koma digiri imene iwe ukufunayo isalipo. Kulembetsedwa ndi kuvomerezedwa ndi zinthu ziwirinso. Funsa dzina la phunziro lenilenilo, ulione ndi maso ako pamndandanda. Funsanso kuti amene anamaliza zaka ziwiri zapitazo ali kuti, ndipo upeze mmodzi ucheze naye. Pepala losavomerezeka boma silililandira polemba ntchito, ndipo yunivesite ina siliwerengera ukafuna kupitiriza.

Tsono tinene za ndalama, poti ndi pamene pagona nkhani. Ife Angoni amatinena kuti timadziwa nyama ndi mowa basi, koma ng'ombe timaidziwa mtengo wake. M'khola la bambo ako muli ng'ombe zowerengeka, ndipo kumbuyo kwako kuli azing'ono ako amene nawo akufuna ndalama za sukulu ya sekondale. Digiri ndi zaka zinayi. Usawerengere fizi ya teremu yoyamba yokha. Werengera zaka zonse, uonjezere malo ogona, chakudya, thiransipoti, laputopu, mabandulo a intaneti, ndi kukwera kwa mitengo chaka ndi chaka. Ndalama zotayika koposa ndi za mwana amene wasiyira pachaka chachiwiri: ng'ombe zapita, pepala palibe. Kuli bungwe la ngongole za ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linayamba mu 2015, ndipo limathandiza ovutika m'makoleji ovomerezeka. Koma opempha ndi ochuluka, si onse amapatsidwa, ndipo imeneyo ndi ngongole, udzabweza. Kuyamba sukulu yodula podalira kuti ngongoleyo mwina ituluka ndi njuga. Ukafanizira zonsezi ndi mtengo wobwereza chaka chimodzi, uona chifukwa chake ndikukankhira kobwereza.

Adzabweranso anthu ena, mwina pa WhatsApp, mwina pa depoti pa boma, onena kuti ali ndi munthu wawo ku NCHE kapena ku MANEB, kuti ukapereka kangachepe dzina lako lituluka, kapena 8 uja asanduka 4. Amenewo ndi akuba. Ndipo amene amagula satifiketi yachinyengo amakhala moyo wonse akuyang'ana kumbuyo, chifukwa makoleji ndi olemba ntchito amatumiza mapepala ku Zomba kuti MANEB iwatsimikize. Akawuntanti wogwidwa ndi pepala labodza ndiye kuti watha, palibe adzamusungitsenso ngakhale ndalama za mpingo.

Msuweni wako amene ali ndi digiri kale anandifunsa funso lofanana ndi lako, kungoti iye akufuna MBA ndipo digiri yake inatuluka ndi pasi chabe. Ukamuuze kuti mlandu wake ndi wopepukirapo. MBA, kaya ku MUBAS kaya ku ESAMI, ndi ya anthu amene agwirapo kale ntchito, ndipo osankha amayang'ana zimene munthu wachita chimalizireni sukulu: anayang'anirapo anthu angati, anayendetsapo ndalama zotani, abwana ake akumuchitira umboni wanji. Akamatalikira ndi chaka chimene anamaliza, magiredi akale amachepa mphamvu, ngakhale satheratu. Asathamange. Agwire ntchito zaka zingapo, atengepo pepala lina monga la ICAM kapena dipuloma ya pambuyo pa digiri n'kulikhoza bwino, kuti osankhawo aone kuti mnyamata waulesi wa nthawi ija anakula. Ngati maso ali kunja, sukulu zambiri za bizinesi ku America ndi ku Ulaya zimafuna mayeso a GMAT, ndipo kukhoza bwino kumeneko kumaphimbako magiredi ofooka. Koma thandizo la maphunziro monga Chevening ya ku Britain limafuna digiri yokhoza bwino pamodzi ndi zaka ziwiri za ntchito, choncho ndi pasi yake asaikepo mtima wonse. Polemba kalata yopempha malo afotokoze za magirediwo mwachidule, mizere iwiri kapena itatu, mosadandaula ndi mosaloza chala aphunzitsi, kenaka adzaze pepalalo ndi zimene wachita.

Tibwerere kwa iwe. Pali funso limene sindinakufunse. Ukufuna kuchita bizinesi, kapena ukufuna kulembedwa ntchito ya mu ofesi yokhudza bizinesi? Ngati ukufuna kulembedwa ku banki, ku MRA kapena ku kampani yowerengera ndalama za makampani ena, pepala ndi lofunika ndipo palibe kuchitira mwina. Koma ngati chimene chikukusowetsa tulo ndi kukhala ndi shopu yako, lole yako, malo ako ogulira mbewu, dziwa kuti eni ake a malole ambiri amene amanyamula katundu pa msewu wa M1 sanaonepo mkati mwa yunivesite. Sindikunena kuti sukulu ilibe ntchito kwa wamalonda. Ndaona mabizinesi ambiri akugwa chifukwa mwini wake sankasiyanitsa thumba la shopu ndi thumba la kunyumba, ankakongoza abale osalemba, ndipo katapila anamumaliza. Satifiketi ya akaunti ya chaka chimodzi ikanamupulumutsa. Koma zimenezo sizifuna zaka zinayi ndi ng'ombe zonse za m'khola. Ndipo digiri si ntchito. M'mizinda muli achinyamata ambiri a madigiri a bizinesi amene akuyenda ndi maenvulopu ofesi ndi ofesi.

Chimene sindikufuna ndi chakuti ukhale pakati, osabwereza, osalowa koleji, osachita geni, ukungodikira chozizwitsa. Chaka chotero n'chimene chimameza ana a kuno. Anyamata amayamba kumva za ku Joni, n'kugulitsa njinga ndi mbuzi kuti apeze ya basi, mapepala oyendera osakwanira. Atsikana amapezeka alowa m'banja asanaganize, sukulu n'kuthera pomwepo. Ena amayamba kukhalira pa bawo ndi timasacheti pa sitolo. Palibe mwa iwo anakonza zoti zidzatero. Anangosiya miyezi ikudutsa.

Ndiye tichite chonchi. Samu ya mbatata ija uichitenso wekha usiku uno ndi manambala ena, kenaka undipezere pepala la Masamu la MSCE la chaka chatha, ulilembe pano pakhonde ine ndili ndi wotchi, ndipo tikalipereke kwa mphunzitsi wa Masamu alichonge, atiuze mosabisa ngati chaka chimodzi chingakufikitse pa kirediti yabwino. Akati n'zotheka, ukalembetse kubwereza msanga, chifukwa kalembera wa MANEB amatsekedwa miyezi yambiri mayeso asanafike. Pamene ukudikira, kuyambira Loweruka lino uzipita ndi amayi ako pa Lizulu ndi kope, uzilemba chilichonse chimene chalowa ndi chimene chatuluka, ngakhale ndalama ya chitumbuwa chimene adya masana, ndipo kumapeto kwa mwezi udzandiuze ngati geni yawo ikupanga phindu kapena ikudya mpamba. Lachitatu upite ku Lakeview ukafunse za Masamu, za fizi ya zaka zonse zinayi ndi za kuvomerezeka kwa phunzirolo, mayankho ake ulembe. Ukabwerako tidzaitana bambo ako ndi amalume ako, tidzayale mapepala onsewo pamphasa, ndipo nkhani ya ng'ombe tidzaikambe tsiku limenelo.